Miyezi 14 ku mayadi a Rhodes Park: zimene sindinafunse ndisanapereke ndalama

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkadzuka 04:30 tsiku lililonse la ntchito. Tinkakhala ku Chelstone mumzinda wa Lusaka, ine ndimagwira ntchito m'tauni kufupi ndi Cairo Road, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi ya Great East Road m'mawa akudziwa mmene galimoto zimathinanirana kuchokera ku Munali mpaka ku Manda Hill. Ndinkaphika, kusambitsa mwana, kumusiya pa geti la sukulu asanatsegule n'komwe, kenako n'kuthamangira basi. Madzulo ndinkabwerera kutada, mwana atayamba kale kuwodzera pa mpando. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma masiku a pakati pa sabata ndinkangomuona ali m'tulo. Chimene chinanditengera ku mayadi ndi chimenecho. Ndikunena izi poyamba chifukwa ena atamva zimene zinatichitikira anati tinkafuna kudzionetsa. Ayi. Ndinkafuna nthawi yokhala ndi mwana wanga.

Mu Julayi 2023 ndinaona pa Facebook kanyumba ka zipinda ziwiri zogona ku Rhodes Park, kuseri kwa nyumba yaikulu. Ndinaimbira ajenti, anandiuza kuti kungoona kokha ndi K100, ndipo Loweruka m'mawa tinapita ndi amuna anga.

Ngati simunayendepo m'misewu ya m'kati mwa Rhodes Park, n'kovuta kukufotokozerani mmene malowo amakokera mtima. Mukangochoka pa Great East Road kapena pa Addis Ababa Drive phokoso limatha ngati wina watseka chitseko. Mitengo ndi yaikulu, ina yakale kuposa dziko lathu lodzilamulira, nthambi zake zimakumana pamwamba pa msewu. Mayadi ndi otakasuka moti pena pakanatha kumangidwa nyumba zisanu za ku Chelstone. Derali linakula likulu litachoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, pamene boma la atsamunda linamanga maofesi ake cha ku Ridgeway ndi nyumba za azungu mozungulira. Dzina lenilenilo ndi la Cecil Rhodes. Anthu akuda ankakhala ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Matero, kupatula wantchito amene ankagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana wake. Mbiri imeneyi ndinkaidziwa ngati nkhani ya kusukulu. Sindinaganize kuti ili ndi kanthu ndi mpopi wa m'bafa langa.

Kanyumbako kanali kopakidwa penti yatsopano, pansi pofiira popukutidwa ndi polishi mpaka kunyezimira, mawindo a zitsulo zakale, ndi mtengo wa mapeyala pakhomo penipeni. Ajenti anatsegula mpopi wa m'khichini, madzi anatuluka. Anayatsa getsi, linayaka. Kenako ananena mawu amene ndimawamvabe m'makutu: "Mayi, kuno magetsi sazima. Tili pa layini ya akuluakulu." Amuna anga anafunsa za eni nyumba. Anati ndi mayi wachikulire amene amakhala ndi ana ake kunja kwa dziko, ndipo zonse amayendetsa ndi mwana wa mchemwali wawo. Lendi inali madola 300 pa mwezi.

Amuna anga anandikokera pambali. "Amake mwana, ife timalandira kwacha. Za madolazi mwaziganizira?" Ine ndinawerengera pa foni. Dola inali pafupi ndi K19, kutanthauza K5,700. Ku Chelstone tinkapereka K3,200, koma ndikachotsa za minibasi za ine ndi mwana, kusiyana kwake kunkaoneka kopiririka. Ndinawauza kuti tikachedwa wina atenga. Ajenti nayenso anali akuyang'ana foni yake pafupipafupi, kunena kuti pali banja lina likubwera masana.

Tinapereka sabata yomweyo. Dipoziti ya miyezi iwiri, K11,400. Lendi ya mwezi woyamba, K5,700. Ajenti anatenga theka la lendi, K2,850. Lole yosamutsa katundu, K900. Pamodzi ndi ya kuona ija, ndalama zonse zinakwana K20,950, ndipo zambiri mwa izo zinali za chilimba chimene ndinapempha anzanga kuti ndilandire mwezi usanafike wanga. Pa ndalama zonsezo tinalandira lisiti limodzi lolemba pamanja: "deposit and rent received", siginecha, basi. Kalata ya mgwirizano anati ibwera mayi akaisaina kunjako. Sinabwere mpaka tsiku limene tinatuluka.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Lisiti lija silinanene kuti dipoziti ndi madola 600 kapena ndi K11,400. Silinanene kuti chikawonongeka akonza ndani, kapena kuti wofuna kuthetsa mgwirizano achenjeze mnzake miyezi ingati. Ajenti sindinamufunse ngati ali m'kaundula wa Zambia Institute of Estate Agents, ndipo atangolandira zake foni yake inasiya kuyankhidwa. Inu mukafika pamenepa, musatulutse ngwee musanagwire pepala losainidwa, ndipo limbikirani kuti lendi ilembedwe mu kwacha. Akakana, dziwani kuti chiopsezo chonse cha dola akuchisenzetsa inu.

Miyezi itatu yoyamba inali yokoma, ndipo sindidzainyoza. Ndinkadzuka 06:00. Ku ntchito ndinkayenda pansi, kutsika ndi Church Road, kudutsa pa Levy Junction, kukwera mlatho wa pamwamba pa njanji n'kutulukira pa Cairo Road, mphindi makumi atatu osathamanga. Mu Seputembala ndi Okutobala majakaranda anachita maluwa, msewu wathu wonse unasanduka wofiirira ngati wayalidwa nsalu, ndipo mwana wanga ankatola maluwawo m'thumba la yunifolomu. Madzulo tinkachitira limodzi homuweki dzuwa lisanalowe. Lamlungu tinkayenda mpaka ku Cathedral of the Holy Cross kukangoona mawindo ake amitundumitundu. Ndinkagona tulo tabwino. Usiku kunalibe nyimbo za m'bala, kunkangomveka agalu a kutali ndi masamba.

Munthu woyamba kundichenjeza anali agogo amene ankasamalira bwalo ndi kutsegula geti. Anali a ku Petauke, ndipo atamva kuti kwathu ndi ku Katete anayamba kunditchula kuti mwana wawo. Tsiku lina ndikuchapa panja anaima n'kuloza khoma la kanyumba kathu.

"Mwana wanga, waona mzere uwu? Kuchoka apa kufika apo ndiyo nyumba yeniyeni, chipinda chimodzi cha khukhi. Bambo anga anagwirapo ntchito yotero kwa mzungu, ankagona m'kachipinda konga aka, ife tili ku Chilenje. Zinazi anangowonjezera pambuyo pake. Mvula ikayamba uchotse bedi kukhoma ilo."

Ndinawathokoza koma bedi sindinachotse. Mvula yoyamba yamphamvu inagwa usiku kumapeto kwa Novembala. Ndinadzidzimuka mwana akulira, bulangete lake litanyowa. Madzi ankatsika ndendende pa mzere umene agogo analoza, pamene denga lakale la asibesitosi limakumana ndi malata atsopano. Penti ija inatupa ngati matuza a moto, ndipo nditaibowola ndi chala m'kati munali khoma lakuda ndi nkhungu ya zaka zambiri. M'mawa ndinaona kuti felemu ya chitseko cha bafa ndi chikopa chabe, m'kati chiswe chinadya kalekale.

Nyumba ya ku Lusaka musaione mu Julayi yokha. Nthawi ya chilimwe nyumba iliyonse ndi yabwino. Ngati simungadikire mvula, yang'anani siling'i ndi tochi, funani madontho achikasu amene penti yalephera kubisa, gogodani mafelemu, ndipo koposa zonse khalani pansi ndi mlonda kapena wosamalira bwalo ajenti atachoka. Iwo ndiwo amaidziwa nyumbayo. Ine ndinawapatsa moni n'kudutsa.

Ndinaimbira mwana wa mchemwali wa eni nyumba uja. Anayankha mwaulemu kwambiri, nthawi zonse ankayankha mwaulemu. "Pepani mayi, ndilankhula ndi amayi aakulu." Patapita milungu itatu anandiuza kuti ndikonze ndi ndalama zanga, adzachotsa pa lendi. Mmisiri anatenga K1,800. Nditachotsa pa lendi ya Januwale, anati mayi avomereza theka lokha chifukwa sindinawatumizire mtengo asanayambe ntchito. Zonse tinakambirana pakamwa pa foni. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kulemba chilichonse pa WhatsApp, ndipo ndi chokhacho chimene chinadzandithandiza pamapeto.

Mu Januwale 2024 zinthu ziwiri zinatipeza nthawi imodzi. Choyamba chinali dola, imene inali itapitirira K26. Lendi yomwe ija ya madola 300 inafika K7,800, malipiro athu ali pomwe analili. K2,100 yoonjezera mwezi uliwonse, popanda wina kubwera kudzatiuza kuti wakweza lendi. Amuna anga sananene kuti ndinakuuzani. Anangosiya kudya nkhomaliro ku ntchito, ndipo ndinazindikira patapita milungu ingapo nditaona lamba wawo ali pa bowo latsopano. Zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Chachiwiri chinali suweji. Mzinda wonse unali pa mantha a kolera, odwala akugonekedwa ku National Heroes Stadium, masukulu atachedwa kutsegulidwa. M'masiku omwewo chimbudzi chathu chinayamba kubweza. Madzi akuda anatulukira pa chivundikiro cha kuseri kwa khichini, mapazi ochepa kuchokera pamene mwana ankasewera. Pulambala atakumba anandiitana kuti ndidzaone ndi maso anga. Paipi inali yadothi, yakale, yosweka molumikizira, ndipo m'kati mwake munali mizu yoyera yolukana ngati tsitsi, yodzaza paipi yonse. Inali mizu ya mtengo wa mapeyala uja umene unandikopa tsiku loyamba. Anandiuza kuti m'nyumba zakale za dera lino ntchito yake yambiri ndi imeneyi: mitengo ikuluikulu imafunafuna madzi, ndipo imawapeza m'mapaipi. Anandionetsanso paipi ya madzi akumwa, yachitsulo, m'kati mwake mutatsala kabowo kongokwana pensulo. Madzi a pansi pa Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, ndiye amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo, ndipo m'zaka makumi ambiri zimatseka paipi. N'chifukwa chake a m'nyumba yaikulu akatsegula shawa, kwathu mpopi unkangolira mphepo. Kanyumba ka wantchito kanali kumapeto kwa paipi, ndipo kanali komweko mpaka lero.

Masiku anayi tinkapempha chimbudzi cha agogo. Ndinathira klorini paliponse mpaka manja anasuwa. Kukonza kunadya K2,400, ndipo ulendo uno ndinatumiza zithunzi ndi mtengo ntchito isanayambe. Anabweza K1,500.

Ndiyenera kunena za zodula zina zimene sindinaziwerengere pa foni tsiku lija. Ku Chelstone tomato, repu ndi kapenta ndinkagula pa kantemba ka pakona, ndipo mwezi ukavuta mayi wa pamenepo ankandilemba m'buku. Mumsewu wathu wa ku Rhodes Park munalibe kantemba. Mchere ukatha, ndi ku sitolo yaikulu ya m'mall kapena kuyenda mpaka ku msika wa Northmead. Ndinaphunzira kupita ku msika wa Soweto Loweruka lililonse m'mamawa kukagula za sabata yonse, koma pobwerera ndi matumba minibasi imakusiyani pa msewu waukulu, m'kati simulowa basi, ndiye ndi takisi. Zinyalala zinali ndi malipiro ake, alonda a usiku a mumsewu anali ndi chopereka chawo pa geti lililonse. Tinthu ting'onoting'ono, koma pamodzi tinkapitirira K1,000 pa mwezi.

Kenako magetsi. Mvula ya chaka chimenecho inakanika, ndipo kumapeto kwa Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba anatsika, ndipo mu Malichi magetsi anayamba kuzima maola asanu ndi atatu pa tsiku. Anakwera kufika 12, ndipo pofika Seputembala anali 17, masiku ena kupitirira apo. Layini ya akuluakulu ija sitinaione. Kwathu ankazima ngati kwina kulikonse.

Izi zinagwera Zambia yense, ndipo sindikunena kuti ife tinavutika kuposa a ku Kanyama kapena ku Mtendere. Koma pali chinthu chimodzi chokhudza mayadi chimene sindinkachidziwa. Madzi a pa yadi yathu ankachokera m'chitsime chobowola ndi makina, chimene tonse timangoti borehole, ndipo pampu yake imayendera magetsi. Magetsi kulibe, madzinso kulibe. Thanki inali imodzi, ndipo paipi yake inkayamba yadutsa ku nyumba yaikulu. Ku komboni mpopi ukauma umanyamula chigubu n'kupita kwa aneba, kapena umatsatira amayi anzako kumene apeza madzi. Kuno ungagogode pa geti la yani? Mipanda ndi yaitali, pamwamba pali waya wamagetsi, ndipo amene amakuyankha ndi mlonda wa kampani amene sakudziwa. Ndinkatchera alamu ya 01:00, nthawi imene magetsi ankakonda kubwera, kuti nditunge madzi m'zigubu, ndisite mayunifolomu ndi kutchaja mafoni. Tulo tija ndinasamukira tinathera pomwepo. Ndinagula mbaula ndi thumba la makala, amene kuno timati malasha, ndipo ndinkaphikira kuseri kwa kanyumba kuti utsi usapite ku mawindo a nyumba yaikulu. Pambuyo pake tinagula silinda ya gasi ndi kachitofu kake, ndalama ina imene sitinaikonzekere.

Funsani madzi amachokera kuti, thanki ndi ya malita angati, ndipo imagawidwa bwanji. Funsaninso ngati kanyumbako kali ndi mita yakeyake ya magetsi. Yathu inali imodzi ndi ya nyumba yaikulu. Pamene munkakhala banja lachikulire la anthu awiri tinkagawana mayunitsi mwamtendere, iwo magawo awiri ife limodzi. Mu Meyi iwo anasamuka.

Amene analowa sanali banja. Inali kampani. Ndikanayenda mumsewu wathu ndi maso otsegula tsiku loyamba lija ndikanaona kuti izi zikubwera. Pa mageti khumi ndi awiri oyandikana nafe, ambiri anali kale ndi zikwangwani: maloya, kakiliniki, bungwe lothandiza anthu, malo odyera, sukulu ya mkaka. Rhodes Park ili pafupi kwambiri ndi tauni, ndipo maofesi amene athawa kuthinana kwa Cairo Road amalipira ndalama zimene banja silingafikepo. Bata limene ndinalikonda Loweruka lija linali bata la maofesi otseka. Lolemba m'mawa msewu womwewo umadzaza galimoto mbali zonse.

M'sabata imodzi kapinga wa kutsogolo anasanduka poimika galimoto. Anaika ma air conditioner m'zipinda zonse, makompyuta, ketulo yosazima. Mayunitsi a K500 amene ankatha milungu itatu anayamba kutha m'masiku asanu, ngakhale magetsiwo ankabwera maola ochepa, ndipo ankayembekezera kuti ife tipitirize kupereka gawo limodzi mwa atatu. Kenako anabweretsa jenereta yaikulu ya dizilo n'kuiika kumbuyo, kutali ndi makasitomala awo, pafupi ndi windo la chipinda cha mwana wanga. Inkalira kuyambira 07:00 mpaka madzulo, nthawi zina mpaka usiku akakhala ndi ntchito yambiri. Makatani ananunkha dizilo. Ife sanatilumikizeko, koma ndinene zoona, anailumikiza ku pampu, ndiye madzi anayamba kupezeka masana. Ndinapita kwa mkulu wa ofesiyo kukapempha kuti aisunthe. Anandilandira bwino, anati: "Mayi, ife tinauzidwa kuti kumbuyoku kukhala kopanda munthu posachedwa." Ndi mmene ndinadziwira.

Usiku wina mu Julayi mwana anayamba kubanika. Ankakhosomola kwa milungu iwiri, koma usiku umenewo chifuwa chinkalira ngati kamluzu, mapewa akukwera ndi kutsika. Amuna anga anali ku ntchito kunja kwa Lusaka. Magetsi kunalibe, foni yanga inali itazima. Ndinamukulunga m'chitenje, ndinatuluka panja mumdima, ndipo ndinaima pakati pa yadi yaikulu ija osadziwa kolowera. Ku Chelstone ndikanangofuula kamodzi, zitseko zitatu zikanatseguka, ndipo aneba a minibasi akanadzutsidwa. Apa nyumba yaikulu inali yokhoma, kumanzere ofesi, kumanja ofesi. Miyezi khumi ndi umodzi ndinali ndisanadziwe dzina la munthu mmodzi wogona mumsewu umenewo.

Anali agogo amene anatuluka ndi tochi yawo. Sanafunse zambiri. Anathamanga, munthu wa zaka zimenezo, mpaka pa geti lachinayi kumene mnzawo wina ankalondera, ndipo mlondayo anaitana takisi pa foni yake. Ku chipatala chachikulu cha UTH tinafika mphindi zosakwana khumi, ndipo kuyandikira kwa chipatala usiku umenewo ndi chinthu chimene ndidzathokoza moyo wanga wonse. Anamuthandiza kupuma, m'mawa anali bwino. Adokotala atandifunsa ngati kunyumba kuli utsi kapena chinyezi, ndinayankha kuti zonse ziwiri. Anandiyang'ana, nati mwanayo asagonenso m'chipinda chimenecho.

Ngati mwasamukira kudera lotere, sabata yoyamba yomweyo dziwanani ndi alonda a mageti oyandikana nanu, tengani manambala awo, ndipo lembani nambala ya wa takisi mmodzi papepala, osati mu foni mokha. Usiku anthu amene alipo mumsewu ndi iwowo.

Amuna anga atabwera tinakhala pansi. Ine ndinkafunabe kupirira mpaka chaka cha sukulu chithe, chifukwa ndinkaopa kubwerera ku moyo wodzuka 04:30, ndiponso mtima unkakana kuvomereza kuti ndalama zonse zija zapita pachabe. Iwo anati: "Amake mwana, tinabwera kuno chifukwa cha mwanayu. Tichokenso chifukwa cha iye." Tinasamutsira bedi lake m'chipinda chathu n'kuyamba kufunafuna nyumba. Tinachedwa. Tikanayamba mu Meyi, tsiku limene zikwangwani za kampani zinakwera pa geti, tikanasankha modekha.

Pa 1 Seputembala uthenga unabwera pa WhatsApp: tituluke pofika kumapeto kwa mwezi, kanyumbako akufuna kukasandutsa mosungira mafailo. Masiku makumi atatu. Popanda mgwirizano wolembedwa ndinalibe pepala loti ndiloze n'kunena kuti tinapangana miyezi itatu. Mwina ndikanapita kwa odziwa malamulo akanandiuza kuti ndili ndi poimira, chifukwa lamulo la lendi lilipo m'dziko muno, koma ndinali nditatopa ndipo mwana ankafunika mpweya wabwino. Tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Kabwata, K4,500, mu kwacha, yokhala ndi mita yakeyake. Ulendo uno ndinapita kukaiona katatu: m'mawa pakati pa sabata, madzulo, ndi usiku. Ndinatsegula mipopi yonse nthawi imodzi. Ndinacheza ndi mayi wa khomo loyandikana pafupifupi ola lathunthu. Mgwirizano tinasainirana pa tebulo ndalama zisanatuluke m'chikwama. Koma dipoziti ya kumeneko inafunika ya ku Rhodes Park isanabwere, ndiye tinakongolanso.

Tsiku lotuluka ndinajambula chipinda chilichonse, khoma lililonse, ndi nambala ya pa mita. Ndikanachita zomwezo tsiku lolowa, nkhani ya dipoziti ikanakhala yaifupi. Mwana wa mchemwali wa eni nyumba uja anayendera nyumba, anagwedeza mutu pa khoma la nkhungu lija ngati akuliona koyamba, nati adzandiuza. Sabata inatha, mwezi unatha. Uthenga uliwonse yankho linali lakuti akudikira amayi aakulu. Pa sabata yachisanu ndi chitatu ndinapita kukafunsa ku Small Claims Court, kumene munthu amadziimira yekha popanda loya. Anandifotokozera bwino, ndipo funso lawo loyamba linali la umboni. Ndinali ndi lisiti lija, mauthenga a WhatsApp kuyambira Januwale, zithunzi za denga ndi za mizu m'paipi. Ndinalemba kalata yomupatsa masiku 14, ndinaikamo zithunzizo, ndipo ndinanena kumene ndipite akapanda kuyankha.

Ndalama zinalowa pa sabata ya khumi ndi chimodzi: K7,900. Anawerengera dipoziti pa K11,400 imene ndinapereka mu 2023, n'kuchotsapo K3,500 ya penti. Lendi miyezi yonseyi ankaiwerengera pa dola ya tsiku limenelo, koma dipoziti anaibweza pa dola yakale. Akanawerengera mofanana, madola 600 akanapitirira K15,600. Ndinakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali, mtima ukuwawa. Lisiti silinatchule madola, ndipo zithunzi za tsiku lolowa zosonyeza kuti khomalo linali lodwala kale ndinalibe. Ndinasankha kulekera pomwepo. Wina akanapitiriza, ndipo mwina akanapambana. Ine ngongole ya chilimba inali kundidikira, ndipo K7,900 ija inapita yonse kumeneko tsiku lomwelo.

Ndikaphatikiza zokonza zimene sanandibwezere, zimene anadula pa dipoziti, ndi lendi imene inakwera ndi dola kuyambira kumapeto kwa 2023, miyezi 14 ija inatidyera ndalama zoposa K20,000 pamwamba pa zimene ndinawerengera tsiku loyamba. Ngongole yomaliza tinaimaliza mu Epulo 2025.

Sindikuuza munthu kuti asakakhale ku Rhodes Park, ku Longacres kapena ku Fairview. Ndili ndi mnzanga wa ku ntchito amene ali m'fulati cha ku Longacres chaka chachinayi tsopano, ali ndi mgwirizano wolembedwa, mita yake, lendi ya mu kwacha, ndipo amayenda pansi kupita ku ntchito mosangalala. Kusiyana kwa iye ndi ine ndi mafunso amene anafunsa asanapereke ndalama, ndiponso kuti iye ali m'nyumba imene inamangidwa kuti mukhale banja, pamene ine ndinali m'chipinda cha khukhi chowonjezeredwa kawiri.

Ku Kabwata ndimadzuka 05:30. Minibasi ya Burma Road imandifikitsa m'tauni nthawi yabwino, ndipo madzulo ndimapeza mwana akusewera ndi anzake asanu pabwalo, chifuwa chili bwino. Phokoso lilipo, Lachisanu usiku nyimbo zimamveka mpaka mochedwa.

Mwezi wa Okutobala wapitawu ndinadutsa mumsewu uja dala, nditanyamula shuga ndi paketi ya tiyi. Majakaranda anali atachitanso maluwa. Mtengo wa mapeyala anaudula, pamalo pake pali simenti ndi galimoto ziwiri. Pa geti panali mnyamata wa yunifolomu ya kampani ya alonda, ndipo nditafunsa za agogo anati anawalipira zawo mu Disembala, anabwerera ku Petauke. Nambala yawo analibe. Ndinayenda mpaka pa geti lachinayi, ndinapeza mlonda uja amene anatiitanira takisi, ndipo iye anali nayo. Ndinamusiyira shuga ndi tiyi, ndinaima pansi pa mtengo n'kuimba. Foni inalira nthawi yaitali, kenako ndinamva mawu awo: "Ndani? Aa, mwana wanga wa ku Katete! Nanga mdzukulu wanga akupuma bwanji?"